Kodi ndi bulichi adaswa dzino la alamu anga?

Lamlungu lapitali ndidaitanidwa kunyumba kwa achemwali anga kukaweruza mlandu wa dzino. Inde, dzino lenileni la m'kamwa. Musaseke abale, chifukwa nkhaniyi ikadatha moipa mtsikana wa zaka 17 akadakhala ndi gweru kutsogolo moyo wake wonse.

Nkhani yake ili chonchi. Zaka ziwiri zapitazo alamu anga, amuna awo a achemwali angawo, adadwala dzino lakuchibwano, lija lalikulu lotafunira. Lidawasautsa masiku anayi osaona tulo, tsaya litatupa ngati abisamo mandasi. Atapita kuchipatala china cha mano mu tauni, adokotala adawauza kuti dzinolo likhoza kupulumuka popanda kulizula. Adawachita chomwe pachizungu amati root canal, ndiye kuti kuboola dzino, kuchotsa mtsempha wovunda m'kati mwake, kutsuka bwinobwino mpaka kumizu, kenako n'kutsekamo. Ululu udatheratu. Alamu adayamba kuwatama adokotalawo paliponse, ngakhale pa bawo.

Mwezi watha ali pakhonde akutafuna chimanga chokazinga adangomva kuti phwa! Dzino lija lidang'ambika pakati ngati chikuni. Ulendo uno padalibenso kuchitira mwina, adakalizula.

Tsopano alamu ndi okwiya, ndipo wolakwa adampeza kale. Akuti tsiku lomwe ankawatsuka dzinolo adamva fungo la bulichi, fungo lomwe lija timamva amayi akanyika zovala zoyera mu Jik.

"Alamu, ine mphuno zanga n'zabwino," adatero ndisanakhale n'komwe pampando. "Anandithira bulichi m'dzino anthu aja. Tawafunsani achemwali anuwa zomwe bulichi amachita ndi malaya anga. Amayera inde, koma pakatha miyezi ingapo kolala yonse yathetheka. Nanga dzino lingalimbe?"

Likadakhala dzino lawo lokhalo, bwenzi ndikungowapepesa n'kumapita. Koma mwana wawo wamkazi, amene ali Fomu 3, adagwa pa mpira wa ntchemberembaye chaka chatha n'kumenyetsa dzino lakutsogolo pansi. Silidathyoke, koma pang'onopang'ono lakhala likuda, ndipo pa usinini patuluka kachotupa kotulutsa mafinya. Kuchipatala akuti mtsempha udafa, pakufunika root canal. Alamu akuti toto, azule basi, adzamugulira la pulasitiki. Mtsikanayo wakhala akungolira kuchipinda. N'chifukwa chake achemwali adatuma mwana kudzandiitana, poti mwinimbumba ndine.

Paja safunsa adadya phula. Ndisanapite ku mlanduwo ndidayamba ndakacheza ndi mnzanga wina wa kusukulu amene masiku ano ndi dokotala wa mano, ndipo adandibwereka zowerenga. Zomwe ndidawauza alamu ndi zomwe ndikuuzeni inu lero, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri muli ndi dzino lomwe likukupatsani moni usiku.

Choyamba, mphuno za alamu sizidawanamize. Mankhwala aakulu otsukira m'mizu ya dzino dziko lonse lapansi ndi sodium hypochlorite, ndipo ameneyu ndi yemweyo ali m'botolo la bulichi wochapira. Ndidawavomera alamu pamaso pa banja lonse, iwo n'kuyang'ana akazi awo ngati munthu wawina lotale. Ndidawapempha kuti adekhe kaye, mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi.

Kuti timvane, tiyambe tadziwa m'mene dzino lidapangidwira. Kunja kuli chikamba choyera chija, enamelo, chomwe ndi cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu. Pansi pake pali dentini, amene ndiye thupi lenileni la dzino kuyambira pamwamba mpaka kunsonga ya muzu. Pakati penipeni pali kamphako momwe mumakhala kamnofu kofewa ka mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu, komwe ife timangoti mtsempha wa dzino. Kuchokera m'kamphakomo timipita topapatiza timatsika m'mizu. Dzino lakutsogolo kawirikawiri limakhala ndi mpita umodzi, pomwe lakuchibwano limakhala ndi itatu kapena inayi, ina yokhota ngati njira ya mbewa.

Mankhwala otsukira amakhudza dentini, ndiye timuyang'anitsitse ameneyu. Mukamuyeza pasikelo, magawo pafupifupi 70 pa 100 aliwonse ndi mchere wa kashiamu, magawo 20 ndi timaulusi totchedwa kolajeni ndi zinzake, ndipo magawo 10 otsalawo ndi madzi. Ganizirani khoma la nyumba yakumudzi yomangidwa ndi mitengo ndi mbalo n'kuphomedwa ndi dothi. Dothi ndiye kashiamu, limapatsa khoma kuuma. Mbalo ndiye kolajeni, zimagwira dothilo kuti khoma likagwedezeka lisagumuke. Amene mudaphunzira sayansi ku pulayimale mukukumbuka za fupa la nkhuku. Mukalinyika mu viniga masiku angapo kashiamu amachoka, fupalo n'kumapindika ngati labala. Mukaliotcha pamoto kolajeni amapsa, fupalo n'kumafumbutuka m'manja. Dzino likufuna zonse ziwiri.

Chinanso, dentini ndi wobookabooka. Ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso tochokera ku mtsempha kupita kunja. Pa kamalo ka milimita imodzi mulitali ndi mulifupi pamakhala timabowo pafupifupi 20,000 kufupi ndi enamelo, ndipo pafupifupi 45,000 kufupi ndi mtsempha. Dzino likavunda tizilombo timalowa m'timabowo timeneti n'kukhazikika ngati nsikidzi m'ming'alu ya bedi.

Ndipo mdani weniweni ndi tizilomboto. M'chaka cha 1965 akatswiri atatu ku America, Kakehashi, Stanley ndi Fitzgerald, adaboola mano a makoswe mpaka kufika pa mtsempha. Makoswe ena adali wamba, ena adali oleredwa malo opanda tizilombo ngakhale kamodzi. A wamba aja mitsempha idafa, kumizu n'kuchita mafinya. Opanda tizilombo aja mitsempha idakhalabe yamoyo ndipo idayamba kupola. Kuyambira pamenepo madokotala adadziwa kuti ntchito yonse ya root canal ndi kuchotsa tizilombo ndi kutseka njira kuti tisabwererenso.

Mwina mufunsa ngati m'mene adafunsira alamu kuti nanga osangopala ndi tizitsulo tija bwanji, mankhwala alowapo chiyani? Yankho lake amayi akulidziwa. Botolo la mafuta ophikira la khosi lopapatiza simungaliyeretse ndi burashi yokha, pamafunika sopo ndi kukhutchumula. M'chaka cha 2001 katswiri wina dzina lake Peters ndi anzake ku Zurich adajambula m'kati mwa mano asanawapale ndiponso atawapala. Adapeza kuti magawo 35 pa 100 aliwonse a khoma la mpita, penanso kuposa apo, tizitsulo sitidawakhudze n'komwe. Malo amenewo amafikako ndi mankhwala okha. Popanda mankhwala, adokotala akhoza kutsekera mnofu wowola m'kati, dzino n'kukhala chikomekome cha mkuyu.

Tsopano tibwere kwa woimbidwa mlandu woyamba, bulichi. Mbiri yake pa zachipatala ndi yakale. M'chaka cha 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Mngelezi wina katswiri wa mankhwala Henry Dakin, pogwira ntchito ndi dokotala wa ku France Alexis Carrel, adakonza sodium hypochlorite wosungunula kwambiri, wa mphamvu ya theka la peresenti imodzi, wotsukira mabala a asilikali. Pofika zaka za m'ma 1930 madokotala a mano adali atayamba kutsukira nayenso m'mizu. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito wa mphamvu ya pakati pa 0.5 ndi 6 peresenti.

Amamukonda pa zifukwa ziwiri. Amapha tizilombo mwachangu, ndiponso amasungunula mnofu wakufa wotsalira m'makona. Ntchito yachiwiriyi mankhwala ena otsukira satha kuigwira ngati iye. Vuto lake ndi lakuti bulichi alibe maso. Sasiyanitsa mnofu wowola ndi kolajeni wa dentini, poti zonsezi ndi mapuloteni. Akakhala wamphamvu n'kukhalitsa, amayamba kudya mbalo za khoma lija ngati chiswe.

Izi zidayesedwa. M'chaka cha 2001 akatswiri a pa Eastman Dental Institute ku London, Sim ndi anzake, adacheka timatabwa ta dentini kuchokera ku mano ozulidwa n'kutinyika maola awiri. Tina adatinyika m'madzi a mchere, tina mu bulichi wa 0.5 peresenti, tina mu wa 5.25 peresenti. Kenako adatipinda ndi makina mpaka kuthyoka. Tonyikidwa mu bulichi wamphamvu uja tidafooka ndipo tidathyoka msanga, pomwe ta mu wosungunula uja sitidasiyane kwenikweni ndi ta m'madzi a mchere.

Apa alamu adaomba m'manja. "Mwamvatu mayi a ana! Ndimanena ine!"

Ndidawauza kuti asafulumire. Kathabwa kopyapyala komizidwa mbali zonse maola awiri si chimodzimodzi ndi dzino lathunthu lomwe mankhwala akungokhudza khoma lam'kati. Poyeza kuti bulichi amalowa mpaka pati m'timabowo ta dentini, akatswiri amapeza kuti ngakhale wamphamvu salowa kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Kufooketsako kulipo ndithu, koma kumadalira mphamvu ya mankhwala, nthawi yomwe akhalamo, ndi kukhuthala kwa khoma lomwe latsala.

Woimbidwa mlandu wachiwiri alamu sadamumve fungo, poti alibe fungo lodziwika. Dzina lake ndi EDTA. Adokotala akamapala mpita ndi tizitsulo, utuchi wa dzino umasakanikirana ndi zotsalira za mnofu ndi tizilombo n'kupanga kaphala komwe kamamatirira kukhoma, kutseka timabowo tija. Bulichi satha kusungunula utuchiwo poti ndi wa kashiamu. EDTA ntchito yake ndi kugwira kashiamu n'kuchoka naye. Amene adamubweretsa pa ntchito ya mano ndi dokotala wa ku Norway, Nygaard-Østby, m'chaka cha 1957, ndipo lero ambiri amagwiritsa ntchito wa 17 peresenti.

Nayenso alibe maso. Akamaliza kaphala kaja amayamba kutola kashiamu wa khoma lenileni, dentini n'kufewa. Ngati bulichi ndi chiswe chodya mbalo, EDTA ndi mvula yokokolola dothi. M'chaka cha 2002 akatswiri awiri a ku Turkey, Calt ndi Serper, adayerekeza mano otsukidwa ndi EDTA mphindi imodzi ndi ena otsukidwa mphindi 10. A mphindi imodzi aja kaphala kadachoka bwinobwino. A mphindi 10 aja khoma lidakokoloka kwambiri, timabowo n'kukula mpaka kuyamba kulumikizana. Mukuona apa kuti nkhani yagona pa wotchi. Mankhwala omwewo, mphamvu yomweyo, kusiyana mphindi 9 zokha.

Ngakhale ndondomeko yothirira ili ndi kanthu. EDTA akakokolola dothi, mbalo zimatsala pamtetete. Mukabweretsanso bulichi wamphamvu n'kumusiya nthawi yaitali, amapeza kolajeni wopanda chomuteteza, ndipo khoma limadyeka kuposa m'mene likadadyekera ndi mankhwala amodzi okha. Mukawasakaniza awiriwa pamodzi, EDTA amapha mphamvu ya bulichi, kutsukako n'kukhala kwa dzina chabe. N'chifukwa chake kawirikawiri adokotala amatsuka ndi bulichi nthawi yonse yomwe akupala, EDTA n'kubwera chakumapeto kwa kanthawi kochepa.

Palinso wachitatu, chlorhexidine, yemwe ena mumamudziwa m'mankhwala ochukuchira m'kamwa. M'mizu amagwiritsa ntchito wa 2 peresenti. Ameneyu amapha tizilombo ndipo amakakamira kukhoma kwa nthawi ndithu, komanso sadya kolajeni ngati bulichi. Koma mnofu wakufa sasungunula, ndiye sangalowe m'malo mwa bulichi. Ndipo awiriwa ndi mphaka ndi galu. Akakumana mu mpita amapanga nsenga zofiirira zomwe zimadetsa dzino n'kutseka timabowo. Dokotala wosamala amayamba watsukuluza ndi madzi a mchere kapena madzi oyera a kuchipatala asanathire winayo.

Wachinayi si wotsukira kwenikweni, ndi kaphala koyera komwe amakusiyirani m'dzino pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri. Dzina lake ndi calcium hydroxide, mbale wake wa laimu wopaka nyumba. Kwa sabata imodzi kapena zingapo amathandiza kupha tizilombo totsalira. Koma m'chaka cha 2002 Andreasen ndi anzake ku Denmark adamuika m'mano anthete a nkhosa n'kumayeza kulimba kwake nthawi ndi nthawi. Pakutha pa chaka chimodzi mphamvu ya manowo idali itatsika ndi pafupifupi theka. Phunziro apa ndi la ife odwala. Ambiri ululu ukangotha pa ulendo woyamba timasowa ngati ndalama ya ngongole, mankhwala a masabata awiri n'kukhala m'dzino chaka chathunthu.

Pofika apa alamu adali atakhala tsonga, akuona ngati mlandu awina. Mankhwala anayi, atatu mwa iwo ndavomera ndekha kuti amafooketsa dzino. Ndiye ndidaitana mboni zotsala.

M'chaka cha 1989 Reeh, Messer ndi Douglas ku Minnesota adafuna kudziwa kuti chimafooketsa dzino kwambiri n'chiyani. Adatenga mano athanzi ozulidwa n'kumawayeza kulimba pa sitepe iliyonse. Ntchito ya root canal payokha, kuboola kakhomo, kupala mpita ndi kutsekamo, idachepetsa kulimba ndi 5 peresenti yokha. Koma bowo lalikulu lodutsa dzino kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, lochotsa makoma onse awiri ogundana ndi mano oyandikana nalo, lidachepetsa kulimba ndi 63 peresenti. Tamvaninso: 5 ndi 63. Chimapha dzino kwambiri ndi kukula kwa bowo, ndipo bowolo amakumba ndi matenda pa miyezi yonse ija timakhala tikumwa panado n'kumati mawa, mawa.

M'chaka cha 1992 Sedgley ndi Messer ku Australia adayerekeza mano 23 omwe adachitidwa root canal zaka zambiri m'mbuyomo ndi mano anzake amoyo a mbali ina ya kamwa la anthu omwewo. Adapeza kuti dentini wa mano ochitidwa root canal sadali wosweka msanga kuposa wa mano amoyo. Zoti dzino lochotsedwa mtsempha limauma ngati chikuni n'kumangothetheka lokha ndi nkhambakamwa.

Mboni yotsiriza ndi ya m'chaka cha 2002, Aquilino ndi Caplan ku Iowa. Iwo adalondoloza mafayilo a odwala n'kupeza kuti mano ochitidwa root canal omwe sadavekedwe kachipewa kaja amati crown ankatayika kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi omwe adavekedwa. Dzino lakuchibwano limasenza katundu wolemera potafuna. Likakhala lobooka pakati, makoma ake ali okhaokha opanda chowagwira, chakudya cholimba chimalowa pakati ngati mphero ya nkhwangwa, makomawo n'kutaseguka. Kachipewa kaja kamamanga makomawo pamodzi ngati mkombero wa chitsulo pa mgolo.

Nditafika apa ndidatembenuka. "Alamu, tsiku lomaliza lija adokotala anakuuzani chiyani?"

Alamu adayamba kuyang'ana kudenga. Achemwali adangodzuka, kulowa kuchipinda, n'kubwera ndi kakhadi ka kuchipatala komwe kadali kosungidwa m'Baibulo. Padalembedwa tsiku loti abwerenso patatha masabata atatu kuti akayezedwe crown. Tsikulo lidapita zaka ziwiri zapitazo. Ndalama yake idagula feteleza.

Sindidawaseke alamu, ndipo inu musawaseke. Mtengo wa crown si wamasewera, ndipo munthu akakhala ndi thumba la feteleza mbali ino, dzino lomwe lasiya kupweteka mbali inayo, tonse tikudziwa chomwe amasankha. Koma chilungamo chake n'chakuti dzino lija lidafika kuchipatala litadyeka kale theka, lidatsukidwa, kenako lidasiyidwa zaka ziwiri lopanda chipewa likulimbana ndi nzimbe, mafupa a nkhuku ndi chimanga chokazinga. Bulichi mwina adaliluma pang'ono, sindikukana. Koma amene adaligwetsa ndi zengerezu.

Chigamulo changa pa mankhwalawa ndi ichi: walira mvula walira matope. Simungaphe tizilombo tobisala m'timabowo 45,000 ndi madzi a pampopi. Mankhwala otha kusungunula mnofu wowola sangalephere kukanda dzino lenileni. Luso la dokotala ndi kudziwa mlingo, mphamvu yokwanira kupha tizilombo ndi nthawi yosapitirira. Dzino lofooka pang'ono koma loyera m'kati n'kutetezedwa pamwamba limatha kukutumikirani zaka makumi. Dzino losatsukidwa bwino limabwerera ndi mafinya, ngakhale khoma lake likhale lolimba bwanji.

Pali ngozi ina ya bulichi yomwe sindidawabisire alamu. Akapitirira kunsonga ya muzu n'kulowa m'mnofu wa nsagwada, munthu amamva ululu woopsa nthawi yomweyo, tsaya limatupa msanga, penanso khungu limachita mikwingwirima yakuda. Sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika. Dokotala amapewa izi poyeza kutalika kwa muzu ndi ekisire kapena kamakina koyezera, posakanikiza singano mpaka kuthina mu mpita, ndi pothira pang'onopang'ono. Ngati mukutsukidwa n'kumva moto wadzidzidzi, kwezani dzanja nthawi yomweyo. Apa si pochita chamuna.

Kotero amene mukupita kukachitidwa root canal, musakhale duu ngati mbuzi yopita kumsika. Funsani mwaulemu kuti, adokotala, mundiika kansalu ka labala kaja? Kansalu kameneka, rubber dam, kamatchinga dzino lodwalalo kuti mankhwala asatsikire kukhosi ndiponso malovu asalowe mu mpita. Si chinthu chachilendo, adachiyambitsa dokotala wa ku New York, Sanford Barnum, kalekale mu 1864. Funsani kuti mudzabwera maulendo angati ndi masiku ake, ndipo masikuwo muwasunge. Funsani, ntchito isanayambe, kuti pamapeto dzinolo lidzafuna crown kapena kumata kokha, ndi mtengo wa zonse pamodzi. Kuli bwino kudziwiratu n'kuyamba kusunga kusiyana ndi kusiya nyumba yopanda denga mvula ili pafupi. Ndipo musanamalize zonse, mbali imeneyo musatafunire zolimba.

Mawu awiri kwa a dokotala-ndekha. Ndikudziwa kuti wina akawerenga kuti kuchipatala amathira bulichi m'dzino athamangira kubafa kukatenga botolo. Chonde abale, musayerekeze. Kuchipatala amathira m'dzino lotsegulidwa bwino, lotchingidwa, ndi mlingo woyezedwa, wina ali pambali kuyamwa zotayikira ndi paipi. Inu mukathira pabowo kunyumba muotcha usinini, lilime ndi kummero, ndipo tizilombo tili kumuzu sitimva n'komwe. Chimodzimodzi zija timamva za asidi wa mu batire ya galimoto, kapena kukanikiza m'bulu wa asipilini pa usinini. Asidi amachita ndi dzino zomwe viniga amachita ndi fupa la nkhuku lija, koma mwankhanza kuposa apo. Ululu ukasiya musaganize kuti mwachira, nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wafa, ndipo mafinya akusonkhana pansi.

Ndikudziwanso kuti kwa ambiri kwathu kuno nkhani ya root canal ikumveka ngati ya ku Ulaya. M'zipatala zambiri zakumudzi chithandizo chodziwika cha dzino lopweteka ndi kuzula, ndipo madokotala a mano ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adayamba m'dziko muno m'chaka cha 2019 pa College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Zisanatero, wofuna udokotala umenewu ankayenera kukaphunzira kunja. Achinyamata amenewa akamachuluka, funso la alamu lidzafika m'makomo ambiri, ndiye kuli bwino tiyambiretu kulimvetsa. Pali mano ena owonongeka kwambiri oti kuzula ndiye nzeru. Koma pomwe dokotala wanena kuti dzino likhoza kupulumuka, fungo la bulichi lisakuthawitseni.

Nanga za mtsikana uja zidatha bwanji? Ndidawafotokozera alamu kuti dzino la mwana wawo ndi losiyana ndi lawo lija. Ndi lakutsogolo, silidadyeke ndi matenda, makoma ake onse ali chilili, mpita ndi umodzi wowongoka. Adokotala adzangoboola kakhomo kakang'ono kumbuyo kwake, ndipo mano otere nthawi zambiri amangomatidwa popanda crown. Likazulidwa, fupa la pamalopo limayamba kuphwa, mano oyandikana nalo amayamba kupendama, ndipo la pulasitiki lija ndi lovula usiku n'kuika m'kapu, mwana wa zaka 17. Paja amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Dzino lako lobadwa nalo, ngakhale lochotsedwa mtsempha, limaposa logula.

Alamu adakhala chete nthawi yaitali, akupukusa kakhadi kaja m'manja. Kenako adaitana mwana wawo kuchipinda. Adatuluka maso ali psuu, dzanja lili pakamwa monga wakhala akuchitira miyezi yonseyi.

"Lachiwiri tipita," adatero alamu. "Koma ndikalowa nawo ine. Ndikawafunsa za kansalu ka labalako, ndipo EDTA wawoyo ndikamuwerengera mphindi pa wotchi yangayi."

Ndidawauza kuti za wotchizo akasiyire adokotala, iwo akangosunga tsiku lobwereranso. Achemwali adati tsikulo asunga ndi iwo, ndipo ulendo uno kakhadi sikakalowa m'Baibulo, akakhoma pachitseko.

Tikumanenso sabata ya mawa. Amene dzino likukupatsani moni usiku, pitani lisanakule bowo.